Asiyeni a Burning Spear aimbe momwe amaimbira

Ndaona ena akudandaula kuti chimbale cha No Destroyer cha katswiri wa reggae Burning Spear chilibe chatsopano, akuti n'zomwe zija. Eyatu, n'zomwe zijadi. Koma abale, inu mumafuna mdala amene anali ndi zaka 78 pomwe chimbalechi chinkatuluka aimbe zotani?

A Winston Rodney, omwe tonse timangowadziwa kuti Burning Spear, anabadwa mu 1945 ku St Ann's Bay ku Jamaica, tauni yomwe kunabadwiranso Marcus Garvey, womenyera ufulu wa anthu akuda. Anayamba kujambula nyimbo mu 1969 ku Studio One kwa Coxsone Dodd, ndipo amene anawalozera njira yakumeneko ndi Bob Marley. Kuyambira nthawi imeneyo nkhani yawo sinasinthe: Garvey, ukapolo, Africa, Jah. Chimbale ichi chinatuluka mu Ogasiti 2023, patadutsa zaka 15 chitulutsireni chimbale cha Jah Is Real. Munthu wakhala chete zaka zonsezo, ena mpaka tinkaganiza kuti basi anapachika maikolofoni, ndiye pobwera mukufuna abwere ndi mawu a munthu wina?

Chiyambireni 1985, pomwe nyimbo ya Sleng Teng inatuluka kwa wojambula nyimbo King Jammy kuchokera mu kakiyibodi ka Casio, oimba ambiri akale anayamba kuthamangira mabiti a makina poopa kutsalira. Ena zinawayendera, sindikukana. Koma ambiri ankangomveka ngati agogo ovala buluku la mdzukulu wawo. A Spear anakana zimenezo. Mu No Destroyer muli ng'oma zoimbidwa ndi manja a munthu, besi yolemera, ndi malipenga aja amene amalowa mochedwa pang'ono ngati akuyankha funso. Ndipo kaimbidwe kawo kaja kotenga mzere umodzi n'kumaubwereza, kuubwereza, mpaka umasiya kukhala mawu n'kusanduka pemphero, kadakalipo. Amene amati kubwereza kumeneku ndi kusowa zonena, pepani, simunawamvetse bambowa kuyambira kale.

Sindikunena kuti chimbalechi chikufika pa chimbale chawo cha 1975 chotchedwa Marcus Garvey. Sichikufikapo, ndipo palibe chifukwa chonamizana. Mawu akalamba, sakukweranso monga kale, ndipo pali nyimbo zina zimene ukamvetsera motsatizana umazisokoneza. Kuyamikira chilichonse chifukwa choti woimbayo ali ndi imvi nakonso ndi chipongwe.

Koma pali chinthu chimodzi chimene ambiri sakuchiona. Chimbale cha 1975 chija, chomwe anajambula ndi Jack Ruby, a kampani ya Island Records atachitenga kuti akachigulitse kunja anachisakanizanso mwa iwo okha kuti chikomere makutu a azungu, mwini wake osasangalala nazo. Zinthu ngati zimenezi n'zimene zinachititsa kuti patsogolo pake akhazikitse kampani yawoyawo, Burning Music, n'kumatulutsa okha nyimbo zawo. Ndiye mukamamva No Destroyer, dziwani kuti palibe bwana wa kampani amene anawauza kuti fulumizitsani apa, ikanipo mnyamata wotchuka apo kuti chigulike. Chikumveka momwe mwini wake anafunira. Oimba angati a m'badwo wawo amene anafika poti nyimbo zawo n'zawodi? Ambiri anamwalira ali amphawi, ndalama zikudyedwa ndi ena.

Za mphoto ya Grammy musandifunse. Chimbale cha No Destroyer chinalowa nawo pa mndandanda wa 2024, mphoto n'kupita kwa Julian Marley. A Spear ali nazo kale ziwiri, ya Calling Rastafari ndi ya Jah Is Real, moti sindikukhulupirira kuti anasowa nazo tulo.

Pempho langa kwa amene mukuti chimbalechi n'chozizira: munachimvera pati? Ngati ndi pa kasipika ka foni, ndiye kuti simunachimve, chifukwa theka la nyimbo zimenezi lili mu besi, ndipo foni imaimeza yonse. Kachiikeni pa masipika enieni, mukweze, kenako mubwere tidzatsutsane pano.