Khanda lipukutidwe ndi madzi ndi thonje, ma wipes asungidwire paulendo

Maganizo anga pa nkhani yopukuta khanda posintha thewera ndi awa: m'milungu 4 yoyambirira gwiritsani ntchito madzi ofunda ndi thonje, kapena kansalu kofewa kochapa bwino. Ma wipes akhale a kusikelo, a kutchalitchi, a m'minibasi. Sikuti onse ndi oipa ayi, koma ambiri amene adzaza m'magolosale ndi onunkhiritsa, ndipo kafungo kabwinoko kamasangalatsa mphuno za akuluakulu basi, khungu la mwana silipezapo kanthu.

Khungu la khanda ndi lopyapyala ndipo limakhala lisanakhwime. Khungu la munthu wamkulu limakhala ndi kaasidi pang'ono kamene kamaletsa tizilombo kuswana, pH yake (muyeso wa asidi, nambala ikatsika ndiye kuti asidi wachuluka) ili cha m'ma 5.5. Mwana amabadwa pH ili pafupi ndi 7, ndipo imatsika pang'onopang'ono m'milungu yoyambayo. Sopo wamba wosambira ali pa 9 kapena 10, ndiye mukamasopa matako nthawi iliyonse wabiba, mukubweza m'mbuyo ntchito imene khungulo likugwira lokha, n'kuchotsanso mafuta ake achilengedwe.

Chimene chimanyutsa mwana kwenikweni ndi mkodzo ukakumana ndi bibi. Tizilombo ta m'bibimo timasandutsa mkodzo kukhala ammonia, fungo lotsamwitsa lija limene limakulandirani mukamasula thewera logona usiku wonse. Ammonia ameneyu amadzutsa timadzi togaya chakudya timene tatsalira m'bibi, ndiye timayamba kudya khungu lonyowa kalelo. N'chifukwa chake nthawi yosinthira ndi yofunika kuposa dzina la zopukutira. Khanda limafuna kusinthidwa ka 8 mpaka ka 12 patsiku, pakapita maola 2 kapena 3, ndipo likabiba musadikire kuti limalize kaye tulo.

Kachitidwe kake sikovuta. Sambani m'manja ndi sopo musanayambe. Mwana akhale ndi kambale kakekake, osati beseni lochapira matewera. Ngati madzi ndi a pachitsime kapena mukuwakayikira, awiritseni n'kuwasunga m'fulasiki, usiku mudzangosakaniza ndi ena owiritsa kale amene azizira. Yesani kutentha kwake ndi chigongono: asamveke otentha, asamvekenso ozizira. Dulani zidutswa za thonje 5 kapena 6 musanamasule thewera, chifukwa mukamasula dzanja limodzi likhala litagwira timiyendo. Bibi wochulukayo muchotseni ndi mbali ya kutsogolo ya thewera lomwelo, ilipinde pansi pa matako, kenako nyowetsani thonje, finyani pang'ono, pukutani kamodzi n'kutaya. Thonje lapukuta kale lisabwererenso m'kambale. Apa ndi pomwe ambiri amaphonya, mapeto ake akutsuka mwana ndi madzi a bibi.

Mwana wamkazi mpukuteni kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, kuti tizilombo ta m'bibi tisafike kunjira ya mkodzo. Musafukule m'kati. Timadzi toyera ngati mamina, kapena kadontho ka magazi m'mlungu woyamba, zimabwera chifukwa cha mahomoni a mayi ake ndipo zimatha zokha. Wamwamuna musamkoke khungu la kunsonga kuti mutsuke m'kati. Pa msinkhu umenewu limakhala lomatirira, mukakakamiza limang'ambika. Pukutani kunja ndi pansi pa timachende, ndipo muphimbeni ndi kansalu, pajatu anyamata amakonda kukodza mphepo ikangowakhudza. Onse awiri tambasulani mopindika mwa ntchafu ndi m'mphechepeche, ndi momwe bibi amabisala. Poumitsa muzingogunditsa thaulo, osakhula, ndipo ngati kukutentha msiyeni mbulanda pachitenje mphindi 5 kapena 10 apitidwe mphepo.

Bibi woyamba uja, wakuda komanso womata ngati phula, amene amatuluka masiku awiri oyambirira, madzi okha amavutika naye. Musalimbane naye ndi mphamvu. Ikani Vaseline pang'ono pathonje, amachoka mosavuta, ndipo mukapaka kochepa pamatako musanamange thewera, wotsatirayo samatirira. Sankhani Vaseline woyera wosanunkhira.

Thewera lipindidwe m'munsi mwa mchombo kuti mkodzo usaufike. Ngati kuchipatala anakupatsani chlorhexidine, mankhwala opha tizilombo, pakani pamchombo pokha monga anafotokozera anamwino, asafike m'maso. Phulusa, mwaye, dothi ndi zitsamba zisayandikire pamenepo, ngakhale agogo aumirire bwanji kuti ife tinakula choncho. Mchombo umagwa wokha, kawirikawiri pakati pa mlungu umodzi ndi iwiri.

Ma wipes ndisawanamizire. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2012 ku England anayerekeza makanda 280, ena opukutidwa ndi ma wipes osakhala ndi spirit (alcohol), ena ndi madzi ndi thonje, ndipo patatha milungu 4 khungu lawo silinasiyane pa chinyezi chake. Koma amenewo anali mtundu umodzi woyesedwa bwino, sizikutanthauza paketi iliyonse yokhala ndi chithunzi cha mwana womwetulira. Mukafuna kugula, tembenuzani paketi muwerenge. Pakhale palembedwa fragrance free ndi alcohol free, kutanthauza opanda zonunkhiritsa ndi opanda spirit. Mukaona parfum kapena methylisothiazolinone, mankhwala oletsa kuwonongeka amene amadziwika ndi kuyabwitsa khungu, ibwezeni pashelefu. Ma wipes opukutira m'manja kapena ochotsera zodzola kumaso si a mwana. Khungu likayamba kufiira, asiyeni kaye onse mubwerere kumadzi. Mwana wobadwa masiku asanakwane, wa kangaroo uja, khungu lake ndi lofewa koposa, madzi okha basi.

Paudala ndimamukana. Fumbi lake mwana amalipuma, ndipo likanyowa limaundana m'mapindiko n'kumakhula khungu. Dettol, Jik ndi spirit m'madzi opukutira mwana, ayi ndithu, zimawotcha.

Za matewera ansalu: vuto lake nthawi zambiri ndi katsukuluzidwe. Sopo waufa akatsalira m'nsalu, amasungunuka ndi mkodzo n'kumaluma mwana. Tsukuluzani katatu mpaka thovu litheretu, osathira zofewetsa zonunkhira, ndipo yanikani padzuwa aume gwa. Kabudula wapulasitiki wovala pamwamba uja asakhale tsiku lonse, amasunga chinyontho ndi kutentha. Ma Pampers akwera mtengo, zimenezo palibe akutsutsa, koma kusiya imodzi maola 8 kuti paketi ifike kumapeto kwa mwezi kumathera pa kugula mankhwala. Bola ansalu masana muzisintha pafupipafupi, otayawo muwasungire usiku ndi paulendo.

Mwana akanyuka, yang'anitsitsani pomwe pafiira. Ngati ndi pamwamba pa matako ndi pantchafu pomwe thewera limakhudza, mopindika muli bwinobwino, ameneyo ndi mkodzo ndi bibi. Sinthani pafupipafupi, mpatseni mphepo, pakani kirimu wa zinc oxide mochindikala, ndipo posintha musakhule kuti achoke yense, chotsani wodetsedwa yekha n'kuwonjezera wina. M'masiku 2 kapena 3 payenera kuyamba kusintha. Koma ngati pafiira psuu mpaka m'kati mwa mapindiko, m'mbali muli timadontho tofiira tomwazikana, ameneyo kawirikawiri ndi fangasi wotchedwa Candida, ndipo Vaseline samupha. Amafuna clotrimazole kapena nystatin, a chipatala atamuona mwanayo. Muoneninso mwanayo mkamwa ngati muli zoyera zosachoka. Makirimu a steroid monga betamethasone, amene ena amabwerekana kuti amapoletsa msanga, amapyapyalitsa khungu ndipo pansi pa thewera amalowerera kwambiri m'thupi.

Khanda losakwana miyezi 2 likatuluka matuza kapena tizilonda ta mafinya, mchombo ukafiira kapena kununkha, thupi likatentha kufika madigiri 37.5 kapena kuzizira modabwitsa, likaleka kuyamwa, musayese kirimu wina aliyense kunyumba. Pitani nalo kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale musanatuluke m'chikuta.