Za ma megapixel 48 pa kakamera kopanda dzina, ine zanditopetsa

Abale anga, lero mtima wandiwawa ndipo ndilankhula pompano kuti wina asakagwerenso m'dzenje lomweli. Mwana wa achemwali anga wakhala akusunga tindalama take ta geni ya mandasi kuti agule kakamera kakang'ono kolowa m'thumba, koti azijambulira anzake a kwaya, ana a pakhomo, zinkhoswe, basi zoterozo. Ndiye walowa mushopu ina m'tauni, wabwera kunyumba akumwetulira bokosi lili m'manja, pabokosipo alembapo zilembo zikuluzikulu 48MP, 4K, 16X ZOOM. Dzina la kampani yopanga? Palibe. Wogulitsayo akuti anamuuza kuti asisi tengani iyi, ikuposa ndi iPhone yomwe chifukwa ma iPhone ambiri ali ndi 12 yokha pomwe iyi ili ndi 48. Madzulo tayesa kujambula pabalaza magetsi ali chiyakire, zomwe zatuluka ndi manyazi okhaokha, nkhope zachikasu, maso ndi mphuno zangosakanikirana, amene anagwedezeka pang'ono watuluka ndi mitu iwiri. Foni yake ya Tecno yosweka galasi ija yajambula bwino kuposa kamera yatsopano. Kubwerera nayo kushopu, angomulozera chikwangwani choti katundu wogulidwa sabwezedwa.

Ndiye ndinene mokuwa: musamagule kamera chifukwa cha nambala ya ma megapixel. Musamagule! Nambala imeneyo siikuuzani kuti chithunzi chikhala chokongola, imangokuuzani kuti chithunzicho achidula m'timadontho tingati, basi (kadontho kamodzi ndi pixel, miliyoni imodzi ndi megapixel, pabokosi amalemba MP). Timadontho tambirimbiri tonyansa tikaphatikizana timapanga chithunzi chachikulu chonyansa. Akuluakulu anati chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere, ndipo bokosi la 48MP lija ndi nkuyu weniweni.

Kuseri kwa galasi la kamera iliyonse kuli kachidutswa kamene kamalandira kuwala, amati sensa. Kukula kwa kachidutswa kameneko ndiye nkhani yonse, osati nambala ya pabokosi. Kuwala kolowa mukamera kuli ngati mbale imodzi ya nsima, mukaitanapo anthu 12 aliyense adyako ndithu, mukaitanapo anthu 48 pambale yomweyo aliyense angotsina n'kudzuka ndi njala. Kasensa kakang'ono kodzaza ma pixel ochuluka ndi momwemo, pixel iliyonse ikulandira kuwala kochepa, ndiye kukangoda pang'ono chithunzi chimadzaza timadontho tamchengamchenga. Makamera otchipa ambiri a m'thumba ali ndi sensa yomwe amailemba kuti 1/2.3, kukula kwake ndi pafupifupi mamilimita 6 kwa 4.5. Ena apamwambako ali ndi yomwe amati ya 1 inchi, mamilimita 13.2 kwa 8.8, malo olandirira kuwala ochuluka pafupifupi kanayi. Sony RX100 yoyamba inatuluka mu 2012 ndi sensa imeneyi ndi ma megapixel 20, mpaka lero anthu akuisakabe ya kaunjika. Canon G7 X Mark II ya 2016 nayonso ndi 20 pa sensa ya 1 inchi. Pitani mukafunse wogulitsa uja kuti sensa ya kamera yakeyo ndi yaikulu bwanji muone mmene ayang'anire kudenga.

Komanso 48 ameneyo nthawi zambiri ndi wabodza kumene. Timakamera topanda dzinati timakhala ndi kasensa ka ma megapixel ochepa, kenako pulogalamu ya m'kati imangokoka chithunzicho n'kuchitambasula, kudzazamo timadontho tongopeka kuti nambala ikwane 48. Palibe chomwe chawonjezeka, tsitsi la munthu silioneka bwino kuposa kale, zilembo za pachikwangwani sizikuwerengeka, chomwe chakula ndi malo omwe chithunzicho chikudya pa memori kadi yanu. 4K wakeyo naye chimodzimodzi, vidiyo yodumphadumpha yongofufumitsa.

Mukufuna umboni? Sony A7S III, kamera ya 2020 yomwe akatswiri a mafilimu amagwiritsa ntchito, inatuluka pamtengo wa madola pafupifupi 3,500 popanda ndi lenzi yomwe, ili ndi ma megapixel 12. Ee, 12. OM System Tough TG-7 yomwe anthu amalowa nayo m'madzi mpaka mamita 15, ma megapixel 12. Apple inakhala zaka zambiri pa 12, inangofika pa 48 mu 2022 pa iPhone 14 Pro. Ndiye mukundiuza kuti makampani onsewa ndi opusa, wochenjera ndi uyu wa kakamera ka pulasitiki kopepuka kopanda ndi dzina lomwe? Aaa, tiyeni tizichitako manyazi.

Nanga inuyo ma megapixel mukufuna angati kwenikweni? TV yanu ya Full HD imaonetsa 1920 kwa 1080, amenewo ndi ma megapixel 2 okha. Ya 4K yeniyeni ndi 3840 kwa 2160, kungopitirira 8 pang'ono. Chithunzi chotsukitsa cha mu alubamu, cha masentimita 10 kwa 15, chimatuluka bwinobwino ndi ma megapixel 2 kapena 3. Ndipo tisanamizane, zithunzi zathu zambiri zimathera pa WhatsApp ndi pa Facebook komwe amazifinya zisanafike kwa azakhali kumudzi. Ndiye 12 kapena 16 ndi zokwanira mpaka kutsala. Amene akukugulitsani 48 kuti muzijambulira ana akusewera pabwalo akukugulitsani mphepo.

Zumu nayo ndi bodza lomwelo lavala malaya ena. Pali zumu ya magalasi, pabokosi amalemba optical, pomwe lenzi imatuluka ndithu n'kumayenda, magalasi akusuntha kukokera chinthu pafupi. Ndiye pali ya digital yomwe ndi kungodula pakati pa chithunzi n'kupakulitsa, zomwe mungachite nokha ndi zala ziwiri pafoni. 16X ya pabokosi lija ndi ya digital yonse, lenzi yake ndi kagalasi kongomata sikasuntha olo pang'ono. Canon IXUS 185 ili ndi 8X ya magalasi ndipo imeneyo ikuposa 16X ya bodza kutalitali. Ma Panasonic Lumix TZ ena amafika 30X ya magalasi, amenewo ndiye mungajambule nawo mvuu ku Liwonde muli patali bwinobwino, kapena mwana wanu akulandira satifiketi inu mutakhala kumbuyo kwa holo. Yatsani kamera mushopu momwemo, kanikizani zumu, yang'anani ngati lenzi ikuyenda. Ngati siikuyenda ndipo akuti 16X, bwezani pakauntala muzipita.

Pamphepete pa lenzi pamalembedwanso timanambala tina tomwe anthu satiyang'ana n'komwe, monga 1:1.8 kapena 1:3.3, ena amalemba f/1.8 kapena f/3.3. Nambala imeneyo ikachepa ndiye kuti khomo lolowera kuwala ndi lalikulu, ndipo kamera ya f/1.8 imajambula m'tchalitchi kapena m'nyumba madzulo pomwe ya f/3.3 yayamba kale kuvutika. Imeneyo ndiye nambala yofunika kuifunsa. Funsaninso ngati ili ndi chothandiza kuti chithunzi chisagwedezeke dzanja likanjenjemera, a Canon amalemba IS, a Nikon VR, a Sony SteadyShot, a Panasonic O.I.S. Koma ayi, ife tikangoona 48 maso tuzu, chikwama chatseguka kale. Safunsa anadya phula, abale.

Ndipo chimandikwiyitsa kwambiri n'choti ogulitsawa amadziwa. Amadziwa kuti munthu wamba nambala imodzi yokha ndi yomwe anaimvapo, ndiye amaikuza pabokosi, amaibwereza pakamwa, 48, 48, ena afika mpaka 64, mawa tidzamva 100. Zafika apa chifukwa mafoni anapha msika, mu 2010 makampani a ku Japan anatumiza m'misika makamera a digito oposa 120 miliyoni pomwe mu 2023 sanafike ndi 8 miliyoni omwe, kampani ya Casio inasiyiratu kupanga timakamera ta m'thumba mu 2018, kenako achinyamata a pa TikTok ayambanso kufuna timakamera ta fulashi, akuba n'kupezapo mpata. Koma zimenezo si chifukwa chobera mwana ndalama zake za mandasi.

Ine maganizo anga ndi awa, ngati ndalama ndi zochepa gulani ya kaunjika ya kampani yodziwika. Canon IXUS kapena PowerShot, Nikon Coolpix, Sony Cyber-shot, Panasonic Lumix, Fujifilm FinePix, olo ikhale ya zaka khumi zapitazo ya ma megapixel 12 kapena 14, idzajambula zoposa kachinthu katsopano ka 48 kaja chifukwa ili ndi magalasi enieni, zumu yeniyeni ndi fulashi yeniyeni yowalitsa chipinda, osati kababu ka tochi komwe amaika pa zabodzazi. Muiyese musanalipire, lenzi izituluka ndi kubwerera popanda kukakamira, muyang'ane m'galasi ngati mulibe nkhungu kapena fumbi, mujambule khoma loyera muone ngati palibe madontho akuda, mujambulenso m'kona yamdima ya shopuyo osati panja padzuwa pomwe kamera iliyonse imaoneka ngati ngwazi. Batire yake mufunse ngati imapezeka ndi tchaja chake, chifukwa mabatire a makamerawa sasinthana, ya Canon siilowa mu Sony. Ndi magetsi athu ozimazimawa ena angakonde monga Kodak Pixpro FZ45 yomwe imadya mabatire wamba a AA, ngakhale Kodak wakeyo ndi dzina chabe, opanga ake ndi kampani ina yomwe inagula chilolezo cha dzinalo. Si kamera yodabwitsa ayi, ma megapixel 16 ndi zumu ya 4X, koma zomwe yalemba pabokosi ndi zomwe zilimo.

Ndipo ngati foni yanu ndi yabwinoko kale, kakamera kotchipa ka sensa yaing'ono sikaiposa pa chilichonse kupatula zumu ndi fulashi, ndiye ganizani kaye ngati mukufunikiradi kamera. Kulibwino kusunga ndalamazo mpaka zikwane ya 1 inchi kusiyana n'kuthamangira nambala. Nambala siijambula. Chomwe chimajambula ndi sensa, galasi ndi kuwala, megapixel ndi chowerengera chabe. Ndibwerezenso kwa amene akuwerenga mothamanga: mukaona nambala yaikulu pa kamera yotchipa yopanda dzina la kampani, nambalayo ndiye chizindikiro choti akukuberani.

Za chikwangwani cha katundu sabwezedwa chija, a CFTC, bungwe la boma loona za chilungamo pa malonda, akhala akuchenjeza eni mashopu kuti sangabisale kuseri kwa mawu amenewo akagulitsa chinthu chosagwira ntchito yake, koma zikwangwanizo zikadali mbwee m'tauni monse ndipo anthu amangotembenuka n'kumapita akudandaula chamumtima. Tengani lisiti nthawi zonse, akakana kupereka lisiti musagule.

Ndiye pali ma memori kadi, eee, uku ndiye kuli umbava wina wosasimbika. Kakadi kalembedwa 128GB, dzina la kampani yotchuka lili pompo, mtengo wake wa ndiwo zamasamba, inu n'kumati ndapeza mwayi. M'kati mwake muli mwina 8GB yokha, anangokasokoneza kuti kazinamiza kamera ndi kompyuta kuti ndi kakakulu. Mumajambula ukwati wonse kamera osadandaula, ikungoti yasunga yasunga, koma malo enieni akadzadza zithunzi zina zimangolembedwa pamwamba pa zinzake kapena kupita kosadziwika, mukafika kunyumba theka la mafayilo silikutseguka. Ukwati subwerezedwa, anthu inu. Pali kapulogalamu kaulere ka pa kompyuta kotchedwa H2testw komwe kamadzaza kadi yonse n'kuwerenganso kuti kaone malo enieni, yesani kadi iliyonse yatsopano musanaidalire. Komanso makamera akale ambiri sawerenga kadi yoposa 32GB, amafuna ya mtundu wolembedwa kuti SDHC, ena akalekale kwambiri amathera pa 2GB, ndiye wogulitsa amene akukukakamizani 128GB pa kamera ya 2009 mwina sadziwa ntchito yake kapena akudziwa bwino lomwe zomwe akuchita. Ndipo amagulitsa makadi amenewa atawapachika pa kauntala yomweyo, pafupi ndi mabokosi a 48MP aja.