K500 ya dziko liti?

Kuno ku Mchinji zimandiwawa ndikaona wogulitsa atangolemba K500 basi. Kwacha yake iti, yathu kapena ya ku Zambia? Pa boda ya Mwami zonse ziwiri zimayenda, ndipo chichotsereni anzathuwa maziro atatu mu 2013, K500 ya ku Chipata ndi ndalama yooneka, pomwe yathuyi ngakhale paketi ya shuga siikwana. Kulemba MK kukuvuta pati?

Malisiti a ku Mozambique nawonso amaika kadontho pamene ife timaika mpatuliro: 1.500,00. Mayi wogulitsa mtedza awerenga bwanji zimenezi?

Madeti ndiye osanena. Pachitini cha mkaka wa mwana alembapo 03/04/2026. Kwathu kuno ndi 3 Epulo, ku America ndi 4 Marichi, pafupifupi mwezi wathunthu kusiyana. Inu opanga katundu, lembani dzina la mwezi, chifukwa akumwa mkakawo ndi khanda.