Galimoto ndi ya hayala, koma chipata n'chanu

Ana inu, khalani pansi pang'ono. Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kuimba mafoni kufunsa galimoto za hayala zopitira kunyanja patchuthi, ndipo matchona a ku Joni nawonso akusungitsa zawo kuti akangotsika ndege ku Lumbadzi apeze makiyi akuwadikira. Palibe choipa pamenepo. Munthu wagwira ntchito chaka chonse, apume. Koma pali khalidwe lina limene landifika pakhosi, ndipo wakutsina khutu ndi mnansi.

Ine ndagwira chiwongolero zaka zoposa 30, kuyambira malole mpaka mabasi. Nditapuma ndinagula tigalimoto tiwiri timene ndimachititsa hayala kuno ku Area 25, ndiye penshoni yanga imeneyo. Choncho zimene ndikunenazi sindinazimve kubawo.

Nkhani ndi ya toll gate, zipata zolipirapo ndalama pamsewu zija. Mukachoka mu Lilongwe kutsika ndi msewu wa M1, mudutsa pa Nathenje, Kamphata, Linthipe, Chimbiya, kenaka mupeza chipata cha Kalinyeke m'boma la Dedza. Opita ku Monkey Bay kapena ku Cape Maclear kudzera ku Golomoti, chipata chimenechi simungachilumphe. Opita ku Blantyre, ku Liwonde kapena ku Zomba, china chikukudikirani pa Chingeni mutadutsa Ntcheu. Cha pa Chingeni chinayamba kugwira ntchito mu November 2021, cha pa Kalinyeke chinatsatira kumayambiriro kwa 2022, ndipo amene amatolera ndalamazo ndi a Roads Fund Administration. Zaka zapitapo ndithu. Ndiye munthu wamkulu, wa ndevu zake, kufika pawindo n'kumadzidzimuka ngati chipatacho chamera usiku ngati bowa, n'chiyani chimenecho?

Mvetsani bwino: ndalama ya pachipata amalipira ndi amene wakhala pampando wa dalaivala. Si mwini galimoto. Mumalipira popita, mumalipiranso pobwera. Mukadutsa zipata ziwiri, ndiye kanayi ulendo wonse. Ndalama imene munandipatsa ine ndi ya galimoto, kuti muigwiritse ntchito masiku amene tinagwirizana. Mafuta ndi anu, chipata n'chanu, chindapusa cha apolisi apamsewu mukathamanga mopyola muyezo n'chanunso. Kodi munthu akakubwereka khasu, umabwerera kukamuuza kuti akugulirenso mbewu?

Pamene ankatsegula pa Chingeni, galimoto yaing'ono inali K1,700. Anthu anadandaula, boma linatsitsa kufika pa K1,000. Mitengo imasintha, n'chifukwa chake munthu wanzeru amafunsa asananyamuke, ndipo amafunsa mtengo wa galimoto imene wabwerekayo. Ena mumazolowera kagalimoto kanu kakang'ono, tsiku la chinkhoswe mwachita hayala minibasi yonyamula abale, n'kufika pawindo ndi ndalama ya kagalimoto kaja. Minibasi ili ndi mtengo wake, basi yaikulu ili ndi wake. Koma ngakhale mutawerengera chotani, ndalama ya chipata siifika ngakhale pamtengo wa nyama yootcha imene mumagula pa Linthipe, osanena za zam'mabotolo zimene mwadzaza m'buti.

Tsono imvani zimene zinandichitikira December wapitayu. Kunabwera mnyamata, wovala bwino, wolankhula mwaulemu, bambo uku bambo uko. Dzina ndisunga, makolo ake ndi anthu abwino. Anatenga galimoto yanga masiku atatu, akuti akupita kunyanja ndi anzake. Tinalemberana, anasiya dipoziti, ndinamuonetsa tayala la sipeya ndi jeke, ananyamuka.

Cha m'ma 4 koloko madzulo foni inalira. "Adadi, galimoto yanu ili ndi vuto, yayatsa kanyali kofiira kenaka yazima." Ndinafunsa kuti ali pati. Anayamba kumeza mawu. Kufunsitsa, ndinapeza kuti sali pamsewu wa tala n'komwe. Atayandikira chipata, mnzake wina wanzeru zoposa anzake anati pali njira ya kumidzi yotulukira kutsogolo, bwanji tipereke ndalama kuboma pamene msewu wake ndi wa maenje. Anakhota. Nthawi ya mvula imeneyo, ku Dedza. Amene mumakudziwa ku Dedza mukudziwa dothi lake likanyowa, ndi miyala imene imabisala m'matope. Kagalimoto kotsika, anthu asanu m'kati, katundu kumbuyo. Anagunditsa pansi pamwala, sampu inang'ambika, oyilo yense anathera m'njira, iye osadziwa, akungoponda moto kuti atuluke m'matope mpaka injini inagwira.

Anyamata a m'mudzimo anawakankha, koma osati mwaulere. Pamapeto pake inakokedwa ndi ng'ombe za ngolo kukafika poti galimoto yokoka ingathe kufikapo. Kunyanja sanafike. Anagona m'galimoto, kuzizira kwa ku Dedza kukuwalowa m'mafupa, atavala tizovala ta kugombe. Chakomachakoma pusi anagwa chagada.

Ndipo chimene chinandipweteka kwambiri si injini. Ndi mawu amene anandiuza atabwera, akuti, "Koma adadi, si muli ndi inshulansi?" Mwana wanga, inshulansi si thumba la agogo lotapamo aliyense. Werengani pepala limene mumasaina lija. Ambiri ochititsa hayala amalemba poyera kuti galimoto ikaonongeka kunsi chifukwa choilowetsa m'njira zosayenera, kapena ikaonongeka chifukwa cha kusasamala kwa woyendetsa, wolipira ndi iyeyo. Koma inu pepala simuwerenga. Maso amakhala ali pamakiyi, chala chili pafoni kujambula galimoto kuti anzanu aone pa Facebook. Dipoziti yake inapita yonse ndipo sinakwane ngakhale theka. Galimoto inakhala kugalaja milungu isanu, nyengo imene ndikanapezako kangachepe ka fizi ya adzukulu.

Palinso china chimene ozemba zipata simuchiganizira. Tinjira timeneto si ta inu. Ndi ta anthu a m'midzimo, mmene mumadutsa ana opita kusukulu, amayi osenza mitolo ya nkhuni, njinga zonyamula matumba a mbatata ya kachewere, mbuzi, nkhuku. Inu mumalowamo ndi liwiro la munthu wothawa, nyimbo zili pamwamba. Mukagunda mwana wa mwini kumeneko mudzanena kuti mumapulumutsa ndalama zingati? Ndipo apolisi akayamba kufufuza, nambala ya galimoto imawafikitsa pakhomo panga, ine ndili phee kudyetsa nkhuku zanga.

Ena sazemba, koma khalidwe lawo pawindo ndi lomvetsa manyazi. Munthu wafika, chitsulo chili chotseka, ndiye mpamene akuyamba kupapasa m'matumba. Afunsa wa kumbuyo, wa kumbuyo afunsa mnzake, wina akuti ndalama zanga zili m'foni, wina akuti dikirani nditumize uthenga kwa achimwene. Kumbuyo mzere wafika kutali, madalaivala a minibasi akuimba mahutala, mwina mumzeremo muli galimoto yonyamula wodwala. Ndalama ya chipata imakonzedwa pa Biwi kapena pa Bunda pomwe mukuthira mafuta, n'kuiika poonekera pafupi ndi giya, yokwana bwino kuti musavutitse anthu ndi chenje. Ndalama ya m'manja sidikira netiweki. Ya pobwerera muipatule, muibise m'kabokosi ka kutsogolo, chifukwa ndikukudziwani: kunyanja mumadya mpaka tambala womaliza, pobwerera nkhope zili gwa, geji ya mafuta ili pansi.

Kenaka pali aja okalipira wogwira ntchito pawindo. "Ndalama zathu mukupita nazo kuti? Taonani msewuwu!" Funso limenelo si loipa, inenso ndimalifunsa. Ndayenda pa M1 kuyambira ndili mnyamata, ndipo ndikagwera m'dzenje nditangolipira kumene, mtima umandiwawa ngati wina aliyense, makamaka podziwa kuti pa lita iliyonse ya mafuta timaperekanso msonkho wa misewu. Koma funsolo lili ndi eni ake. Kafunseni phungu wanu, lemberani a Roads Fund Administration, imbani pawailesi. Mtsikana amene wakhala m'kanyumba kaja tsiku lonse akupuma utsi wa malole sakonza misewu, ndipo sanaike mtengo ndi iye. Ndi mwana wa munthu ngati inu. Mupatseni moni, perekani, landirani lisiti, pitani.

Lisitilo musalitaye pawindo. Choyamba, ndi umboni woti ndalama yanu yalowa m'buku osati m'thumba la munthu. Chachiwiri, ngati ulendowo ndi wa kuntchito, popanda lisiti simubwezeredwa kanthu. Chachitatu, ine mwini galimoto ndikaona malisiti ndimadziwa kuti galimoto yanga inayenda pamsewu wa anthu. Amene wanena kuti akupita ku Salima, n'kupezeka ndi lisiti la pa Chingeni pansi pa mpando, timakhalanso pansi n'kukambirana za makilomita.

Ndisaiwale inu opita kunja, poti masiku ano ana athu akumakachita tchuthi ku South Africa n'kubwereka galimoto komweko. Mwana wa mlongo wanga anachita zimenezi. Anatenga galimoto pabwalo la ndege ku Johannesburg, ulendo wa ku Durban pamsewu wa N3. Msewu umenewo uli ndi zipata zikuluzikulu zisanu: De Hoek, Wilge, Tugela, Mooi ndi Mariannhill. Galimoto zambiri za hayala kumeneko zimakhala ndi kachipangizo komatidwa pagalasi lakutsogolo. Ukafika pachipata kamalira kuti tswii, chitsulo n'kutseguka chokha. Iye anasangalala, akuti kunja n'kunja, zipata zimangotsegukira alendo. Anali atamvanso kuti ma e-toll, malipiro a pamsewu odula ndi makina popanda kuima, a m'chigawo cha Gauteng anathetsedwa mu April 2024, zomwe n'zoona, koma anaganiza kuti ndiye kuti zipata zonse m'dzikomo zatha. Ayi. Anathetsa a m'misewu yozungulira Johannesburg ndi Pretoria aja, zipata za pa N3, N1 ndi N4 zilipobe. Atabwerera ku Lilongwe, uthenga wa kubanki unalowa: kampani ija yadula pakhadi lake ndalama ya zipata zonse, popita ndi pobwera. Anabwera kwa ine akufuula kuti amubera. Ndinamufunsa kuti, "Pepala unawerenga?" Anangoyang'ana pansi. Safunsa anadya phula. Polandira makiyi kunja, funsani kuti zipata zilipiridwa bwanji, kachipangizoko n'kolumikizidwa kapena ayi, ndipo kampaniyo iwonjezerapo zingati pa ntchito yokutolererani.

Chimodzimodzi inu okonda kuthamangira ku tauni ya Chipata ku Zambia kudzera ku Mchinji. Galimoto ya hayala siituluka m'dziko popanda kalata ya mwini wake ndi mapepala a inshulansi ogwira ntchito kutsidyako, ndipo mukapitirira kulowera ku Lusaka, zipata za ku Zambia zimafuna kwacha ya kwawo, osati yathuyi. Dzina n'limodzi koma ndalama n'zosiyana. Musandiimbire foni muli pa Mwami kuti ndilankhule ndi ofisala.

Mnyamata woononga injini uja akubwezabe pang'onopang'ono, mwezi ndi mwezi, ndipo bambo ake anabwera okha kudzapepesa atagwira chipewa m'manja, munthu wamkulu msinkhu wanga, chifukwa cha mwana amene anakana kupereka ndalama yosakwana ngakhale mtengo wa nkhuku. Zinandimvetsa chisoni kuposa injini ija.

Ndiye chaka chino ndasintha kachitidwe. Wobwera kudzatenga galimoto kwa ine, tikhala kaye pakhonde, andiuze njira imene adzere, tiwerengere limodzi zipata, popita ndi pobwera. Ndalama yake aiike mu envelopu ine ndikuona, ndipo envelopuyo ilowe m'kabokosi ka kutsogolo. Pobweza galimoto, m'envelopumo ndipezemo malisiti. Wina anandiuza sabata yatha kuti madala mwayamba kuvuta, akatenga kwina. Ndinamulozera geti, makiyi n'kuwabwezera pamsomali.