Kompyuta siyeza chipinda

A mtolankhani, mwalemba kuti masiku ano pulogalamu ya pa kompyuta ndiyo imakonza ofesi, wokonza malo amangodina mabatani. Apo pokha ndakana. Ine ntchito yanga ndi yokonza m'kati mwa maofesi, ndipo pulogalamu yojambulira mapulani ya AutoCAD ndimaitsegula tsiku lililonse. Inatuluka kalekale mu 1982, koma mpaka lero imangojambula zimene mwaiuza.

Nthawi ina ndinakhulupirira pulani yakale imene mwini nyumba anandipatsa, osapita kukayeza ndekha. Pa kompyuta madesiki 12 analowa bwinobwino. Tsiku loika mipando tinapeza kuti chipilala chapakati chili masentimita 40 kuchoka pomwe chinajambulidwa. Desiki yomaliza inatsekereza khomo lothawira moto, ndipo malo otembenukira munthu wa pa njinga ya olumala, omwe amafunika pafupifupi mita imodzi ndi theka, anatheratu. Manyazi ake! Ndinachezera kujambulanso usiku wonse.

Achinyamata mukufunsa pulogalamu yoyambira kuphunziranu, yambani ndi SketchUp, siyovuta. Pulogalamu ya Revit mudzaifuna mukayamba kugwira ntchito pa pulani imodzi ndi mainjiniya a magetsi ndi mapaipi.