Mwambo wa Yule kufa chifukwa cha tsiku, zoona?

Gulu lina laling'ono la a Heathenry ku England lalephera kuchita Yule, mwambo wawo waukulu wa pakati pa nyengo yozizira. Nkhani yake ndi tsiku basi. Ena amafuna pa 21 Disembala, usiku ukafika potalika kwambiri. Ena akuti ayi, makolo ankawerenga mwezi, tidikire mwezi wathunthu wa mu Januwale. Akangana pa WhatsApp mpaka masiku onse awiri adutsa, moto osakolezedwa, nyanga yomwera mowa osazungulira. Zandinyansa kwabasi. Mapanga awiri avumbwitsa.

Kwa amene simukuwadziwa, awa ndi anthu amene anatsitsimutsa kupembedza milungu yakale ya kumpoto kwa Ulaya, Odin, Thor, Freyja ndi ina, ndipo ena amadzitchula a Ásatrú. Alibe likulu lowauza tsiku. Magulu ambiri ndi a anthu owerengeka okumana pakhomo pa mmodzi wa iwo. Gulu lotere moyo wake ndi kukumana. Mukaphonya mwambo waukulu umodzi, wotsatira kumabwera anthu atatu, winawo simuonanso munthu.

Musandiuze za mabuku, ndikuwadziwa. Inde, Andreas Nordberg wa ku Sweden anaonetsa mu 2006 kuti Yule wakale ankatsata mwezi ndipo ankagwa pakati pa 5 Januwale ndi 2 Febuluwale. Inde, Snorri Sturluson wa ku Iceland analemba m'zaka za m'ma 1200 kuti nsembe zazikulu zinali zitatu: polowa nyengo yozizira, pakati pake, ndi polowa nyengo yotentha. Koma Snorri yemweyo akutiuza kuti mfumu Hákon ya ku Norway, m'zaka za m'ma 900, inasuntha Yule kuti agwirizane ndi Khirisimasi, n'kulamula kuti aliyense afulule mowa, wosafulula alipire chindapusa. Tsiku linasuntha, udindo wobweretsa mowa sunasunthe. Inuyo mwagwira tsiku, mowa mwautaya.

Taonani a ku Iceland. Bungwe la Ásatrúarfélagið linayamba mu 1972, boma n'kulivomereza mu 1973, mtsogoleri woyamba ali mlimi komanso mlakatuli Sveinbjörn Beinteinsson. Miyambo yawo ikuluikulu pachaka ndi inayi: Yule mu Disembala, tsiku loyamba la nyengo yotentha lomwe limagwa Lachinayi pakati pa 19 ndi 25 Epulo, wa ku Þingvellir, malo a msonkhano wa makolo awo, mu Juni, ndi wolowera nyengo yozizira kumapeto kwa Okutobala. Yule wawo satsata mwezi, koma zaka zoposa 50 zapita akukumanabe. A ku Australia ndi South Africa ambiri amachita kutembenuza kalendala yonse, Yule amamuchita mu Juni chifukwa kwawoko ndi pamene kumazizira. Milungu inawakana? Sankhani tsiku limodzi, lilembeni, bwerani.

Ndipo tsikulo lidziwike msanga, chifukwa ntchito yake siyamba dzulo lake. Mowa wa uchi umene amathira nsembe, wa malita asanu umafuna uchi pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, madzi ndi yisiti. Umawira masabata anayi mpaka sikisi, kenako umafunika miyezi ina iwiri kapena itatu kuti udikhe. Ofuna kumwa pa 21 Disembala afulule mu Seputembala. Mukayamba mu Disembala momwemo mudzamwa zamatope zonunkha yisiti, ndipo mukautsekera m'mabotolo usanathe kuwira, mabotolo amaphulika m'kabati. Ndiye gulu limene pa 10 Disembala likukanganabe za mwezi, lifulula liti?

Nyanga ya ng'ombe nayo imafuna munthu. Itsukidwe bwino, m'kati mupakidwe phula la njuchi, ndipo musathiremo chakumwa chotentha chifukwa phula limasungunuka. Mlendo muuzeni pomwa kuti nsonga iloze cham'mbali. Ikaloza kumwamba, mpweya umabwerera ndipo mowa umamukhuthukira kumaso. Pa blót, mwambo wothira nsembe, pafunika mbale yamtengo yolandirira nsembe ndi kanthambi kobiriwira kowazira anthu, chotsala m'mbalemo chimathiridwa pansi. Pafunikanso juwisi wa maapozi wa ana, oyendetsa galimoto ndi amene anasiya mowa, apo ayi anthu amenewa sabweranso. Ngati malo si anu, chilolezo choyatsa moto chipezeke kale. Zonsezi ndi manja a anthu, si makani.

Werenganinso nthawi. Pa sumbel, mwambo womwa mopatsirana aliyense akulankhulapo, nyanga imazungulira katatu: koyamba milungu, kachiwiri makolo ndi ngwazi, kachitatu malumbiro ndi zodzitamandira. Anthu 12, aliyense akalankhula mphindi ziwiri pa ulendo uliwonse, ndi mphindi 72, osawerengera nsembe ndi chakudya. Ku England mu Disembala dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko. Osakonzekera amapezeka ali panja mumdima, ana akulira ndi chisanu, mabotolo atatu amene amafunika pa gulu lotere akupezeka limodzi lokha chifukwa aliyense amaganiza kuti mnzake abweretsa. Wodziwa tsiku lenileni la makolo uja, pamenepa ali kuti? Ali kunyumba akulemba ndime ina yotsutsa anzake.

Intaneti ndiyo yawazoloweza kuti wopambana mkangano ndiye wopembedza kwambiri, koma zimenezo zisiyeni. Mfundo yanga ndi imodzi: tsiku lolakwika limene anthu abwera liposa tsiku lolondola limene palibe wabwera. Ngati mukulifunadi la mwezilo, chitani onse awiri, waukulu mu Disembala, waung'ono mu Januwale, koma mufike ndi mphika m'manja.

Ndipo nkhani ya mphikayo. M'magulu ambiri banja limodzi lomwelo ndi limene limapereka nyumba, kugula nkhuni, kuphika, kutsuka mbale, chaka ndi chaka. Enawo amafika atavala mikanjo yokongola ndi nyundo ya Thor m'khosi, pa ulendo wachitatu wa nyanga n'kulumbira mokweza kuti chaka chamawa adzamangira gulu guwa lamiyala. Wofunsa kuti udzamaliza liti, ukalephera udzalipira chiyani, palibe, chikhalirecho lumbiro la pa sumbel limamanga onse amene alimva. Mbale zikangoyamba kusonkhanitsidwa, eni malumbiro aja ali kale m'galimoto.