Tik wandilanda mwana wa mlongo wanga kuno ku Cape Town

Mwanayu ndinamuitana ndine, ya basi ndinatumiza ndine. Tsiku lomwe ankakwera pa Wenela mayi ake anandiuza pafoni kuti, "Achimwene, mwanayo ndapereka m'manja mwanu." Mawu amenewo akundisowetsa tulo.

Anafika ali ndi zaka 19, wamasaya, ndudu yomwe sankaidziwa. Masana ankatsuka magalimoto, usiku n'kumakalondera pamalo ena pomwe ankamanga nyumba, chifukwa lendi ya mkhukhu, kanyumba ka malata, kuno siyembekeza munthu. Tulo titayamba kumugwetsa pantchito, mnzake anamuuza kuti kulipo kamankhwala kothamangitsa tulo. Kamankhwalako ndi tik.

Inu akumudzi, tik si chamba ayi. Samera m'dimba. Ndi crystal meth, timiyala toyera ngati galasi losweka, topangidwa ndi makemikolo okhaokha. Amagulitsa m'tizidutswa ta kapaipi komwera zakumwa, totsekedwa ndi moto mbali zonse. Amathira m'kagalasi komwe amati lolly, kapena m'babu la magetsi, n'kuyatsa laitala kunsi. Kakatentha kamathetheka kuti tik tik, ndipo dzinalo linachokera pamenepo.

Ine ndinayamba n'kudabwa mababu akusowa m'nyumba. Ndagula lero, mawa palibe. Kenako mwana anayamba kutha masiku atatu osagona, osakhudza nsima, usiku wonse ali chogwada kumasula wailesi yabwinobwino, tizitsulo mbwee pa bedi. Ankadzikanda m'mikono mpaka zilonda, ati muli tizilombo tikuyenda. Ankasuzumira pabowo la lata n'kumanong'ona kuti, "Malume, akubwera." Panja popanda ndi galu yemwe. Kuti agone ankasuta mapiritsi ogonetsa a Mandrax osakaniza ndi chamba, chiphe china pamwamba pa chinzake. Kenako inapita ketulo, inapita foni yanga, anapita R4,000 amene ndinabisa m'Baibulo kuti ndikagulire malata kumudzi.

Mukuti ndipite ku polisi? Pasipoti yake inadutsa masiku kalekale. Ndikangotsegula pakamwa, funso loyamba likhala la mapepala, ndiye mwana wodwala apezeke m'chitolokosi kapena ku Lindela, kosungira alendo opanda mapepala asanawabweze kwawo, pomwe wogulitsayo, amene mwana aliyense wa m'dera lathu angakulozereni pakhomo pake, akhala akuwerenga ndalama. Kumalo ena othandiza osuta anandiuza kuti ndibwere ndi ziphaso zake ndipo ndidikire, mzere ndi wautali. Tik sadikira munthu.

Chondipsetsa mtima kwambiri n'chakuti mu taxi umamva anthu akuti alendo ndife tabweretsa zimenezi. Mu February 2017 ku Rosettenville, ku Johannesburg, anthu anatentha nyumba za alendo ati ndi mapanga a mankhwala. Alipodi alendo ogulitsa, sindikana, ndipo oterowo amangidwe. Koma ife ambiri timadzuka 4 koloko kukameta kapinga ndi kuchapa zovala za ena. Mu July 2024 apolisi anapeza fakitale yophikira tik pafamu ina ku Groblersdal, ku Limpopo, katundu wa pafupifupi R2 biliyoni, ndipo pakati pa omangidwa panali anthu a ku Mexico ndi mwini famuyo. Wam'gadeni wa ku Mangochi angaipeze kuti famu?

Eni dzikonso akulira. Ndimakumbukira mayi Ellen Pakkies a ku Lavender Hill, pafupi pompano, amene mu 2007 anapha mwana wawo wosuta tik atatopa ndi kuberedwa ndi kuzunzidwa. Kale ndinkati ndi nkhanza zosaneneka. Lero ndikamva nkhaniyo ndimangogwira pakamwa, misozi ili m'maso.

Nafenso Amalawi tili ndi mlandu. Pa Facebook timaonetsa nsapato zatsopano ndi nyanja ya ku Muizenberg, za anyamata athu amene akugona kunsi kwa milatho tili duu. Makolo kumudzi akugulitsa mbuzi kuti ana abwere, osadziwa kanthu.

Inenso ndakhala ndikunama. Lamulungu lililonse mlongo wanga akaimba ndimati foni ya mwana inagwera m'madzi. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi asanabwere kunyumba. Ya tikiti ya basi ndasonkhanitsa, ili m'sokosi yomwe ndavalayi. Ndikaweruka ndiyambira kusiteshoni ya sitima ya Retreat, komwe wina akuti anamuona Lachiwiri alibe nsapato, ndipo usiku uno ndiwaimbira mayi ake ndiwauze zonse.